Nyali ya Achimwene Inkazima pa Mlatho

Achimwene anga a Metwali akhala akusenza buledi pamutu ali pa njinga kwa zaka makumi anayi ndi chimodzi. Ndikati pamutu ndikunena pamutu penipeni: nkhata yansanza, pamwamba pake thandala la nthambi za kanjedza lalitali ngati chitseko, buledi wotentha atayalidwa mosanjikiza, dzanja lamanzere lili ku thandala, lamanja pa handulo. Belu alibe. Aliliza ndi chiyani, mphuno? Amangokuwa kuti, "Chenjera kumsana! Chenjera kumsana!" anthu n'kumapatuka. M'tauni mwathu muno mu Samanudi mulibe munthu amene sanapatukireko mawu amenewo.

Anayamba ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, chaka chimene bambo athu anagonja ndi chifuwa cha utsi wa muuvuni. Sukulu anaisiyira pomwepo, ndipo khosi lawolo ndi limene linandiphunzitsa ine mpaka ndinadziwa kuwerenga. Khosilo mukaliona lero mungati ndi chitsa. Pakati pa mutu tsitsi linatha kalekale, osati dazi la ukalamba ayi, koma nkhata. Akazi awo a Karima anatisiya zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, mwana wawo Hoda anakwatiwa ku Iskandariya, ndiye tinatsala awiri m'nyumba ya makolo, popeza nanenso ndine wamasiye. Nyumbayo ndi yosanja: ine ndimagona chipinda chapansi, iwo chapamwamba. Timakangana tsiku lililonse, koma timadyera mbale imodzi.

Zinthu ziwiri muzidziwe za munthu ameneyu. Sagula chinthu chimene akuganiza kuti angapange okha, ndipo amaganiza kuti angapange chilichonse. Fani wa m'chipinda mwanga mapiko ake ndi chitini cha penti. Chachiwiri, manja awo sakhala chete, ndipo chimene manjawo amakonda koposa ndi kuzimitsa. Ukatuluka m'khitchini kukatenga mchere, pobwera upeza mdima.

Ine ndimagulitsa nyemba ndi zitumbuwa za nyemba pa kangolo kanga, tsidya la mlatho wa ngalande yaikulu, pageti la fakitale ya thonje. Anthu amalowa ntchito sikisi koloko, ndiye thandala loyamba la achimwene ndi langa, ndipo limafika kusanayere.

Chaka chatha m'mwezi wa Tuba, muja kuzizira kumalowa mpaka m'mano, kunagwa chifunga chija chochokera m'minda, choti ukatambasula dzanja suona zala. M'mawa wina ndikukoleza moto pansi pa mphika ndinamva hutala wa lole, kenako phokoso ngati kwagwa dengu. Lole ya njerwa inali itakola ngodya ya thandala pakati pa mlatho. Ndinathamanga, nsapato imodzi n'kutsala m'njira. Ndinawapeza atagwada pamsewu, magazi akutsikira m'diso, akutola buledi mmodzimmodzi, aliyense kumupsompsona, kumugunditsa pamphumi, n'kumuika pa thandala lothyokalo.

"Achimwene, magazi!"

"Usaponde, Fawziya. Wina ali kuphazi kwakoko."

Ha! Ndinapsa mtima koopsa. Munthu wapulumuka pakamwa pa lole, iye nkhawa ili pa buledi! Masana a tsiku lomwelo, iwo akugona ndi bandeji kumutu, ndinavala mpango wanga wakuda n'kupita kuuvuni kwa a Haja Nabawiya, amene achimwene amawasenzera buledi. A Haja ndi mayi wathupi, amakhala pampando pakhomo pa uvuni ndodo ili pamiyendo, ndipo palibe thumba la ufa limene limalowa asanaliloze ndi ndodoyo.

"Haja, mukufuna mundikwiririre mchimwene wanga m'ngalande? Munthu wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri! Mkamwini wanu ali ndi njinga yamoto yamatayala atatu. Mpatseni iyeyo ulendo wa m'mamawa."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ukudziwa chimene ukupempha, mwana wanga? Njinga yamoto ikalowa siitenga ulendo umodzi, imatenga onse. Mchimwene wakoyo akakhala pakhomo."

"Akhale. Bola wamoyo."

"Ndipo ndisakutchule?"

"Musanditchule."

Mawa lake anatiitanitsa tonse awiri. "A Metwali," anatero a Haja, "woyendetsa lole akuti sanakuoneni, ndipo ndikumukhulupirira, chifukwa inenso mukangochoka pakhomo pano sindikuonani. Ndikukupatsani masiku khumi. Ikani nyali pa njingayo, yoti ine ndiione mukamachoka, Fawziya n'kuionanso tsidya mukamatsika mlatho. Fawziya sanama, pakamwa pake mpoipa chabe. Loweruka la sabata ya mawa ikapanda kuoneka, maulendo atenga mkamwini wanga."

Achimwene anangoseka. "Masiku khumi achuluka, Haja. Awiri akwana."

Poyamba, mwina chifukwa mutu unali ukadapweteka, anachita chinthu chachilendo: anagula nyali m'sitolo. Kanthu kaphetephete ngati chiphaniphani. M'chifunga muja ndinakaona atafika kale pa kangolo, mawondo awo akugunda mphika. Anakachotsa, n'kukaponya m'thumba. Madzulo ndinamva akugwetsa makatoni pamwamba pa wadirobu.

Anatsika ndi nyali yapulasitiki ya Ramadani, zoimba zija amagulira ana, imene anamugulira mdzukulu wawo Rehabu, mwana wa Hoda, zaka zinayi zapitazo asanasamuke. M'kati mwake munali timababu ta LED tisanu ndi kamodzi, toyera mbuu, tosatentha. Anaiswa, n'kusolola zam'kati zonse pamodzi ngati matumbo a nkhuku. Kasipika kokha ndiye anadula ndi lumo. "Ndine munthu wamkulu ine," anatero, "sindingayende m'tauni ndi nyimbo ya ana." Zotsalazo anakulunga ndi tepi yakuda, n'kuzilowetsa m'chitini cha nsomba chimene anayalamo pepala lonyezimira la paketi ya tiyi. Kutsogolo anaika galasi la wotchi yakufa, n'kumatapo pepala lachikasu la maswiti, ati chikasu ndicho chimaboola chifunga. Mabatire atatu ndi swichi anamangirira pansi pa chishalo, mawaya n'kuyendetsa pa chitsulo cha njinga mpaka ku handulo.

Abale, ndisaname, inawala. Atayatsa m'kanjira kathu kolowera, khoma lonse linati ngwee, mpaka ndinaona ndodo yanga yochotsera akangaude imene inasowa chaka chonse. Mtima wanga unagwa. Ndinati basi, ndapita pachabe kwa a Haja.

M'mawa ndinaima pa kangolo maso ali ku mlatho. Ndinaona kuwala kwachikasu kukukwera pang'onopang'ono, kukufika pakati, kenako bii! Mdima. Ndinangomva mawu okha, "Chenjera kumsana!" mpaka anatulukira pamaso panga. Anatsitsa thandala, n'kupapasa pansi pa chishalo, kuzimitsa swichi, kuyatsanso. Nyali ngwee, ngati sinalakwe kanthu.

"Waiona?" anafunsa.

"Ndaiona ikufa."

Masana ndinakauza a Haja zomwezo, ndipo pobwerera miyendo inali yopepuka. Ndikuvomera, ndinakondwa.

Apa m'pamene inayambira nkhondo. Muyenera kumvetsa kuti munthu wina nyali ikamuzimira amangotambasula dzanja n'kuyatsanso. Achimwene alibe dzanja limenelo. Akasiya handulo agwa, akasiya thandala buledi ali m'madzi, ndipo kuima pakati pa mlatho m'chifunga ndiko kuitana lole ina. Nyaliyo inayenera kudziyendera yokha kuchokera kuuvuni mpaka kwa ine.

Choyamba anati ndi chitsulo chija cholumikiza mlatho, chimene njinga imadumpha. "Pali waya amene ndinawotcherera mwaulesi," anatero. Anatenthetsa msomali pa sitovu yanga, n'kuwotchereranso ndi mtovu paliponse pamene waya akumana ndi mnzake. Atamaliza anayatsa, kunyamula njinga, kuimenyetsa pansi kasanu, nyali osaphethira. Anazimitsa msanga, poti mabatire. M'mawa inazima pa mlatho.

Kenako anati ndi chinyezi cha ngalande. Anasungunula kandulo n'kumata mipata yonse ya chitini, nyumba yonse kununkha ngati tchalitchi cha mnansi wathu a Girigisi. Anayatsa, kuithira madzi a m'ketulo, nyali ili ngwee, n'kuzimitsa. M'mawa inazima pa mlatho.

Tsiku lachinayi anati mabatire akumva kuzizira. Anawaveka sokosi yanga yaubweya, imodzi mwa ziwiri zokha zimene ndili nazo. Tsiku lachisanu anati ayi, ndi waya wothyokera m'kati pamene handulo imakhota, n'kusintha mawaya onse. Masana ankapita okha ku mlatho, phewa likadali lotupa. Akafika m'munsi mwake amayatsa, kuwoloka, kuzimitsa, kutembenuka, kuyatsa, kuwoloka, kuzimitsa, mpaka kakhumi, anthu opha nsomba ndi mbedza akuwaseka. Masana nyaliyo sinkazima ngakhale kamodzi. M'mawa, thandala lili pamutu, pamalo omwewo, bii.

Lolemba ndinawatsatira ku tiyirumu ya pakona kukawapatsa nkhomaliro imene anaiwala. Ndinapeza njinga ili pakati pa matebulo ngati wodwala, amuna ataizungulira. A Girigisi, mnansi wathu wokonza mawayilesi ndi mafani, mnzawo wa achimwene kuyambira ali ana, anali atagwada ndi kamita kawo koyezera magetsi.

"Mabatire ndi amoyo, a injiniya," anatero a Girigisi. "Swichi ndi yamoyo. Mawaya ndi atsopano, ngakhale mwawotcherera ngati mukumata mphika. Tsegulani chitinicho ndione chimene mwabisamo."

"Muone chiyani, dokotala wa mawayilesi akufa? M'chitinimo muli mababu basi. Mwaona nokha akuyaka."

"Akuyaka pano. Nanga buledi mumagulitsa pano?"

Anthu anaseka. Wina anati pa mlathopo pali chiwanda chimene chimadana ndi chikasu. Wina anati achimwene azimangirira mphaka pa handulo, maso ake ndi aulere. Achimwene anatambasula dzanja, kuzimitsa nyali, n'kukankha njinga kutuluka.

"Safunsa anadya phula, a Metwali!" anakuwa a Girigisi.

"Phula ndamatira kale!" anayankha ali panja.

Lachitatu ndi tsiku limene sindidzaiwala. Anafika kunyumba masana, n'kuyamba kugwiragwira nyali m'kanjira kolowera, ine nditakhala pamkeka ndikusankha timiyala m'nyemba. Ali mkati moyesa, kumzikiti kunaitana swala. Anathamangira kukasamba m'manja, n'kutuluka, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo anaiwala kuzimitsa chinthu. Ine ndinaisiya dala, ndikuti mabatire athe. Pafupi nane m'dengu la zinyalala munali zigoba za nyali ya Ramadani ija, ndipo pozionapo ndinapezeka ndikung'ung'udza kanyimbo kake. Kanyimbo kameneko kanandizunza mwezi wathunthu chaka chimene Rehabu anali kuno, sindingakaiwale ngakhale m'manda.

Ndili chisankhire nyemba, khoma linangoti bii. Panalibe mlatho, panalibe chifunga, palibe anaigwira.

Manja anga anaima m'lichero. Ndinakumbuka Rehabu akulira pamakwerero, akundikoka diresi: "Azakhali, yagona! Idzutseni!" Nyali ijatu inkaimba kasanu n'kudzizimitsa yokha, kuti ana asathe mabatire. Ndinadzuka, kuzimitsa swichi, kuyatsanso, n'kuyamba kuimba chapansipansi ndikuwerenga ndi zala. Kamodzi, kawiri, katatu, kanayi, kasanu. Pa mawu otsiriza enieni, bii.

Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Achimwene anaidula lilime, koma m'mimba mwake inali ikuimbabe! Kuchokera pakhomo pa uvuni kukafika pakati pa mlatho, munthu wopalasa liwiro lomwelomwelo kwa zaka makumi anayi, inali nyimbo kasanu ndendende. Ndipo sakanazindikira, chifukwa kumtunda kuno sanaisiyepo iyake mphindi zisanu asanaizimitse.

Kenako kuseka kunatha. Loweruka linali litatsala masiku atatu. Ndikangotseka pakamwa panga masiku atatu okha, mchimwene wanga sadzakweranso mlatho uja kusanache. Ndinazimitsa swichi, n'kubwerera pa nyemba zanga. Atabwera kumzikiti anafunsa ngati ndagwira njinga. Ndinati ndawazimitsira nyali imene anaiwala, ndipo anandithokoza.

Lachinayi inazimanso, ndipo ndinakanena kwa a Haja monga mwa masiku onse. Koma ulendo uno miyendo sinapepuke. Madzulo anamasula nyali yonse pa njinga, n'kuyala zonse patebulo lodyera. Anapala mitu ya mabatire ndi mpeni. Anasintha swichi, n'kuika ya nyali yanga ya pafupi ndi bedi osandipempha. Kamtolo ka tepi yakuda kaja ankakanyamula, kukatembenuza, n'kukaika pambali, poti mababu akuyaka, cholakwa chingakhalemo n'chiyani? Ine ndinali pomwepo ndikusenda anyezi, ndikuona zala zawo zikudutsa pa wakubayo kakhumi. Chakudya sanadye. Sanadandaule, sanatukwane, ankangoti, "Chilipo. Chinthu sichizima chopanda chifukwa. Chilipo, ndichipeza."

Lachisanu atachoka ku swala ya masana sanapite ku tiyirumu ngati amuna anzawo. Ndinawapeza atakhala pamakwerero, nyali ili pamiyendo, akuyang'ana zikhatho zawo. Sindinawaonepo manja amenewo ali chete chotero.

"Ndadutsa kwa mkamwini wa a Haja," anatero. "Njinga yake ndi yabwino. Imanyamula mathandala asanu ndi limodzi."

Ndinapukuta manja ndi nsalu ya mbale, n'kukhala pafupi nawo.

"Mwina si nyali, Fawziya. Mwina ndi manjawa, ayamba kuiwala." Kenako anandifunsa, osati modandaula ayi, koma ngati munthu wofunsa njira: "Kodi anthu amene sapita kuntchito, m'mawa akadzuka amatani?"

Mayo ine! Lole ija sinandipweteke ngati funso limenelo. M'maganizo mwanga ndinawaona atakhala pampando pakhomo, khosi lija likufota, akudikira kuti ndiweruke kuti apeze wokangana naye. Ndinkafuna akhale moyo, inde, koma munthu amene ndinkamusungayo sanali uyu. Ndipo poti ine chisoni chimanditulukira ngati mkwiyo, ndinaponya nsalu ya mbale pansi.

"Manja anu alibe vuto! Vuto lake n'loti sakhala pansi! Yatsani chinthucho."

"Ndayatsa kambirimbiri."

"Yatsani, muike pa sitepe apo, manjawo muwakhalire. Muwakhalire ndithu! Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma inu nkhono mukanaizimitsa isanatulutse mutu."

Anandiyang'ana ngati ndapenga, koma anayatsa, n'kukhalira manja. Ndinayamba kuimba, mayi wa zaka makumi asanu ndi ziwiri, kanyimbo ka ana pakati pa mwezi wa Tuba. Pofika kachiwiri dzanja lawo linatuluka, ndinalimenya. Pofika kachinayi nkhope yawo inasintha, milomo n'kuyamba kutsatira mawu. Kachisanu tinamaliza limodzi, nyali n'kuzima.

Anakhala kukamwa kuli yasa. "Ikuimbabe," ananong'ona. Kenako anadzimenya pa dazi. "Mwana wa bulu ine! Ikuimbabe!"

Anang'amba tepi yakuda ija ndi mano. M'kati munali kathabwa kobiriwira kochepa ngati chikhadabo, kali ndi kadontho kakuda pakati. "Ndiwe eti," anakauza. Anakadula, n'kulumikiza mababu ku mabatire mwachindunji, ine ndikuti dikirani, iwo osamva. Nyali inawala koopsa, kuposa kale lonse, mpaka ndinatseka maso. Kenako kunamveka kafungo ka pulasitiki wopserera. Timababu tiwiri tinada, tina tiwiri tikuphethiraphethira ngati tikutsanzika. Anazula waya, koma zinali zitachitika.

Linali Lachisanu, masitolo onse otseka, Loweruka ndi mawa. Ndinaganiza kuti akhalanso pansi. Ayi ndithu. Anasonkhanitsa zonse m'mpango, n'kuvala nsapato.

"Girigisi amatseka Lamulungu," anatero. "Tiye. Ukamuuze ndiwe za nyimboyo, ine akandiseka."

Ndipo anawasekadi. A Girigisi anaseka mpaka kuvula magalasi, kupukuta misozi, kuitana wometa wa pafupi kuti adzamve. "Sabata yathunthu mukuyenda ndi kwaya pa handulo, a injiniya!" Achimwene anaima chilili, makutu ali psuu, n'kupirira zonse. Atatha kuseka, a Girigisi anawaonetsa kuti kathabwa kaja sikankangoimba, kankachepetsanso mphamvu yopita ku mababu. Anavundukula wayilesi yakufa, n'kuzulamo tizitsulo tamizeremizere tonga njere za tirigu, ati dzina lake rezisita, babu lililonse kake. Mababu ena anachotsa m'tochi yothyoka. Atatenga chowotcherera chawo chamagetsi, achimwene anatambasula dzanja.

"Ndiwotcherera ndekha."

"Muwononganso."

"Ndiye muziyang'ana."

Anawotcherera okha, pang'onopang'ono, lilime lili pakona pa mlomo, a Girigisi akulozera ndi pensulo. Atamaliza anayatsa, n'kuika nyali pa shelefu yapamwamba pamene dzanja silifika. A Girigisi anatulutsa madomino, ati munthu uyu popanda chomugwiritsa aizimitsa ndi ndodo. Anasewera ola lathunthu ndi theka, achimwene akuluza masewera onse chifukwa maso anali kumwamba. Nyali sinazime, ndipo a Girigisi ataikhudza anati siikutentha. Ine ndinali pampando pakhomo, sindikudziwa ngati ndikondwe kapena ndilire.

Loweruka chifunga chinagwa choposa masiku onse, ngati chauzidwa. Ndinakoleza moto, kuika mafuta, koma zitumbuwa zoyamba zinapserera. Amuna atatu a kufakitale anali ataima kale ndi mbale zawo, akupondaponda ndi kuzizira. Kenako ndinakuona kuwala kwachikasu kuja, patali, kukukwera. Kunafika pakati, pamalo paja. Ndinagwira chipande ndi manja awiri. Kunapitirira. Kunatsika mlatho kukukula, mpaka ndinaona tayala, mawondo, ndi thandala pamwamba likufuka nthunzi.

"Chenjera kumsana!" anakuwa, ngakhale kutsogolo kwawo kunalibe munthu.

Amuna aja anaomba m'manja. Ndinawathandiza kutsitsa thandala, tikuchotsa buledi, ine maso ali pansi kuti asaone kuti anyowa.

"Waiona?"

"Ndaiona."

"Ndiye ukawauze a Haja. Njira ukuidziwa kale. Si unapitako tsiku lija ndinagwa?"

Buledi anandipulumuka m'manja. "Munkadziwa?"

"Kuuvuni kuli amuna asanu ndi mmodzi, Fawziya, aliyense makutu awiri."

"Nanga bwanji simunandikalipire?"

Anakonza nkhata pamutu, n'kukweza thandala lopanda kanthu. "Ukanakhala iwe pa mlatho paja, ine kangolo kako ndikanakaotcha." Anaponda pedulo. "Ndikupita, lachiwiri likuzizira."

Anatembenuza njinga. Kuwala konse kunatembenuka nawo, ndipo pamenepo m'pamene ndinaona chimene ine ndi a Haja sitinachiganizire masiku khumi onsewo. Kumbuyo kwa njingayo kunalibe kanthu. Mapazi asanu okha, chifunga chinawameza, msana, thandala, zonse. Ndipo kuchokera kumsewu wa kufakitale inatulukira lole, n'kukhotera ku mlatho pambuyo pawo.

"Achimwene! Kumbuyoku! Kumbuyo kulibe nyali!"

Mawu awo anabwera kuchokera m'chifunga, ali kale patali, osachita mantha n'komwe. "Ndikudziwa! Girigisi wandipatsa mababu awiri ofiira! Mawa!"

Ndinaima chipande chili m'manja, ndikumvetsera loleyo ikukwera, ikudumpha chitsulo chija, ikutsika tsidya lina popanda hutala, popanda buleki. Ndinali nditawabwezera ku msewu ndi pakamwa panga, ndipo ndinadziwa kuti m'mawa uliwonse umene watsala ndidzaima chonchi. Mmodzi wa amuna aja anagogoda mbale yake pa kangolo, akuti achedwa kuntchito. Ndinamupakulira nyemba, mafuta n'kuthira ambiri mosadziwa.